Tizingwe Tiwiri ta M'kalata

Kuno ku Lifidzi anthu amanditenga ngati munthu wodziwa mafupa. Wina akagwa mumtengo, wina ng'ombe ikamuponda phazi pomanga ngolo, amathamangira kwa ine. Ndimawongola, ndimamanga ndi timatabwa, kenako ndimawauza masabata oti akhale osaponda pansi. Ena amabwera ndi nkhuku, ena kalichero ka nyemba, ndipo ndimalandira ndithu, pakuti kukana mphatso ndi mwano. Koma akamandiyamika mtima wanga sukhala pamenepo. Luso limeneli ndinakalitenga ku migodi ya ku Halale, ndipo fupa limodzi limene linkandifuna kuposa onse sindinalithandize.

Ndinachoka kuno mwana wanga Terezinya akuyamba kumene kuimirira chogwira khoma. Anthu akandifunsa ndinkati ndikuthawa masipayi, asilikali a boma la Apwitikizi amene ankagwira amuna kupita nawo ku chibalo, ntchito yokakamiza. Zinali zoona, koma sizinali zonse. Ine ndinali mkamwini kwawo kwa mkazi wanga Nabanda. Munda ndinkalima wa eni, nyumba ndinamanga pamalo a eni, ndipo mwana amene ndinabereka ndekha mwini wake anali atsibweni ake, alamu anga a Domingu. Sanali munthu woipa a Domingu, komanso sankakweza mawu. Ankangodziwa kuika munthu pamalo pake. Tsiku lina mwana atatentha thupi ndinati timutengere kwa airima, masisitere a ku mishoni, iwo n'kundiyankha pamaso pa apongozi kuti, "Alamu, inu zanu ndi khasu. Za mwanayu tisiyireni eni akefe."

Mawu amenewo anandiwawa mwezi wathunthu. Pamene mnzanga Bonifasiyo wa ku Fonte Boa anandiuza kuti akupita ku Halale, sindinaganize kawiri.

Tinanyamuka m'mawa wina wa nyengo yozizira, udzu utayera ndi chisanu. Nabanda anandiperekeza mpaka pamtsinje, mwana ali kumsana. Sanalire. Anangoti, "Muzikatikumbukira, bambo a Terezinya." Ine ndinagwira kaphazi ka mwana kamene kanatulukira m'mbali mwa nsalu, kozizira, kodzaza m'dzanja langa limodzi, ndipo ndinawoloka.

Za ulendo sindinena zambiri. Tinatsika mapiri athu ozizira n'kulowa m'chigwa chotentha cha ku Tete, kumene munthu wa kuno amaona ngati wamwalira kale ndipo ziweruzo zamuipira. Tinawoloka Zambezi, tinayendanso, mapazi anang'ambika, tinafika. Anatilemba pa mgodi wina wa golide, n'kutipatsa malo ogona m'komboni, amuna khumi chipinda chimodzi. Zaka ziwiri zoyamba ndinkapakira miyala m'tingolo pansi pa nthaka. Kumeneko kulibe m'mawa, kulibe masana. Munthu umangodziwa kuti tsiku lapita msana ukayamba kukana kuwongoka.

Bonifasiyo ndiye anandisunga. Anaphunzira kwa apadiri, ansembe a ku mishoni, ankadziwa kuwerenga ndi kulemba, ndipo anali ndi pakamwa poseketsa ngakhale pamaliro. Ankandinena kuti ndimadya ngati ndikuthawa nkhondo. Nditadwala m'mimba mwezi wachitatu, ndiye ankandisungira chakudya changa ndi kundichapira.

Tsiku lina mwala unagumuka kudenga la mgodi n'kugwera munthu wa ku Zumbu amene tinkakankha naye ngolo. Unamuphwanya ntchafu. Anzathu anabalalika, ena akufuula, ena atagwira kumutu. Ine sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinagwada, ndinamugwira mwendowo kuti usagwedezeke, ndipo ndinakhala choncho mpaka a machila anafika. Kapitawo anaona kuti manja anga sananjenjemere. Sabata yotsatira anandiitana pamodzi ndi Bonifasiyo, amvekere mukaphunzire za chithandizo choyamba, kuti muzithandiza ovulala asanafike kwa dokotala.

M'chipinda chophunzirira munali chinthu chimene sindidzaiwala. Pakona panapachikidwa mafupa a munthu, athunthu, kuyambira chigaza mpaka zala za kumapazi, olumikizidwa ndi timawaya. Titangolowa, amuna awiri anabwerera chambuyo n'kuthawa, ndipo sanabwerenso. Ine ndinatsala. Chinkandivuta sichinali mantha okha. Ndinkadzifunsa kuti kodi ameneyu ndi mwana wa yani, kwawo anamulira liti, nanga manda ake anakwiriramo chiyani? Tinafunsa womasulira, iye anati palibe akudziwa. Bonifasiyo anavula chipewa, anawerama pang'ono, n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, akuluakulu? Pepani, tabwera kudzakuvutitsani." Kuyambira pamenepo tsiku lililonse tinkawapatsa moni akuluakulu aja tisanakhale pansi, ndipo sitinkachita moseka ayi.

Akuluakulu amenewo ndiwo anandiphunzitsa zonse zimene ndikudziwa. Ine ndinkayesa fupa ndi chinthu chouma ngati mtengo wakufa. Ndinamva kuti fupa ndi lamoyo, lili ndi magazi ake, limadya, limakula, ndipo likathyoka limadzilumikiza lokha bola uliike bwino ndi kulisiya lipume. Anatiwerengetsa onse, mazana awiri ndi asanu ndi limodzi. Anatiuza kuti khanda limabadwa ndi ochuluka kuposa pamenepo, ena n'kumagwirana mwana akamakula, ndiponso kuti kunsonga kwa mafupa a mwana kuli malo ofewa kumene fupa limatalikira. Malo amenewo akawonongeka, mwendo umatsalira m'mbuyo unzake ukukula.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri chinali chiuno. Mphunzitsi anagwira fupa la ntchafu n'kutionetsa mutu wake wobulungira, wolowa m'kabowo ka fupa la chiuno monga munsi ulowera mumtondo, pakati pake pali chichelechele choterera kuti mafupa asakhulane. Kenako anatiphunzitsa kuyeza. Ukakayikira ntchafu kapena chiuno, umugoneke munthu chagada, utenge chingwe, uyeze kuchokera pa fupa losongoka la m'chiuno kufika pa kakolo, mwendo uno ndi mwendo uwo. Chingwe chikafupika mbali imodzi, vuto lili komweko. Ndinayeza amuna ambiri chotere, mpaka ndinkatha kuchita ndili chitsinzinire.

Makalata ochokera kumudzi ankabwera kawiri kapena katatu pachaka. Nabanda sankadziwa kulemba. Ankapita kwa aprofesoro a pasukulu ya m'mudzi, a Domingu n'kukhala pomwepo monga mwini mbumba, kumamva mawu alionse olowa m'kalata. Ndipo kwathu kunali lamulo limene aliyense ankalidziwa: munthu amene akugwira ntchito pansi pa nthaka mumgodi salemberedwa zoipa. Ankati mtima ukasweka, maso saona mwala ukamagwa, ndiye amene walemba kalatayo ndiye wamupha. Chifukwa chake kalata iliyonse inkayamba chimodzimodzi ndi kutha chimodzimodzi, tonse kuno tili bwino, kaya inu kumeneko. Bonifasiyo anamva za imfa ya bambo ake patapita chaka, kwa munthu wongobwera kumene kuchokera kumudzi. Makalata atatu anali atamuuza kuti madala akupereka moni.

Ine ndinkafuna kuona mmene mwana wanga akukulira. M'komboni munali telala wa ku Nyasalande, ndipo anandiuza kuti akhoza kusoka diresi la mwana amene sanamuonepo, bola akhale ndi muyeso wochokera m'chiuno kufika pachidendene, zotsalazo adziwa yekha. Ndinalembetsa kalata yopempha muyesowo. Yankho litabwera, m'kati mwa pepala munali kachingwe ka thonje kopota Nabanda ndi manja ake, kokulungidwa bwinobwino. Ndinakatambasula pabondo panga. Kanali kafupi zedi.

Zinakhala choncho chaka ndi chaka. Dzinja likatha kachingwe kankabwera, ine n'kutumiza diresi, bulangete, nthawi zina khasu latsopano kudzera kwa anthu opita kumudzi. Tizingweto ndinkatipachika pamsomali pamwamba pa malo anga ogona, katsopano kotalika kuposa ka chaka chatha. Anzanga ankandiseka, amvekere ena amapachika zithunzi za akazi, uyu wapachika ulusi. Ndinkawasiya aseke.

Nthawi imeneyo zinthu zinali zitayamba kundiyendera. Ananditulutsa pansi n'kundiika pa kachipatala ka pamgodi. Anandipatsa yunifolomu ya kaki ndi kansalu kofiira pamkono. Amuna aakulu kuposa ine ankanditchula kuti adokotala, ine osawakonza. Migodi inkapikisana pa zomanga ovulala, ndipo gulu lathu la anthu asanu mtsogoleri wake ndinali ine. Munthu amene kwawo ankamuuza kuti zake ndi khasu! Ndinene zoona, ndinadzitukumula, ndipo zinkandikoma.

M'chaka chachisanu ndi chimodzi kalata inabwera monga mwa masiku onse. Linali Lamulungu masana, tili pakhonde, Bonifasiyo akundiwerengera. Tonse kuno tili bwino. Chimanga chacha, mbatatesi zachita bwino, mbuzi yaswa awiri. Nditatambasula kachingwe ndinaona kuti sikanali kamodzi. Tinali tiwiri, tomangidwa mfundo imodzi kumutu. Nditatikoka, kena kanapitirira kanzake ndi zala ziwiri.

"Taona, Boni," ndinatero ndikuseka. "Wanditumizira ka chaka chatha ndi ka chaka chino, kuti ndione mmene wakulira."

Bonifasiyo sanaseke. Analowa m'chipinda, anatenga kachingwe ka chaka chatha pamsomali, n'kukayerekeza ndi tiwiri tija. Sikanafanane ndi kalikonse.

"Achimwene," anatero, "ka chaka chatha ndi aka. Itu ndi miyendo iwiri."

"Mkazi wanga sadziwa zoyeza miyendo."

"Ali ndi maso. Kalata sangalembe, pakamwa amutseka, ndiye wakulemberani ndi chimene ali nacho. Inu mumagwira ntchito imeneyi tsiku ndi tsiku. Musandiuze kuti simukuona."

Ndinkaona. Ndinaona pomwe ndinatikoka paja, ndisanaseke n'komwe. Anthu ambiri akamafotokoza zolakwa zawo amati sindinadziwe, ndipo ine ndikanakonda kunena choncho. Koma ndinadziwa. Mwana amene sanagwe, mwendo wake n'kumafupika, ndiye kuti china chake chikudya chiuno kapena bondo.

"Pitani kumudzi," anatero Bonifasiyo. "Mawa lomwe pemphani chilolezo."

Ndinayankha kuti mpikisano watsala miyezi iwiri, sindingasiye anzanga m'mavuto, ukangotha ndipita. Ndinanenanso za masipayi, kuti ndikangofika akandigwira. Zifukwa zinali zambiri, ndipo chilichonse chinali ndi kachoonadi kake. Chimene sindinanene n'chakuti ndinkadziona ndikuvula yunifolomu ija, ndikufika pamudzi, ndikukhala pansi pamaso pa a Domingu, iwo n'kundiuzanso kuti za mwanayu tisiyireni. Mtima wanga unakana.

Ndinamupempha Bonifasiyo alembe kalata yofunsa mwachindunji ngati Terezinya akuyenda bwino. Analemba, koma akulemba anati, "Mukudziwa kale yankho limene libwere." Linabweradi. Mwana ali bwino, akusewera ndi anzake, musade nkhawa. Pepala limenelo ndinalisunga m'thumba la malaya ngati mankhwala. Mtima ukayamba kundivuta ndinkaligwira.

Mpikisano tinapambana. Anatipatsa chishango chamkuwa, tinajambulidwa chithunzi, tinadya nyama. Miyezi iwiri ija inasanduka isanu, isanu inasanduka chaka.

M'chaka chimenecho, mkazi wa kalaliki wina wa pamgodi anabwera ku kachipatala ndi mwana wamkazi wa msinkhu wa Terezinya. Ankatsimphina, ankadandaula bondo, ndipo anali ataonda. Dokotala anati vuto si bondo koma chiuno, chifuwa chachikulu chalowa m'fupa. Anandifotokozera kuti matendawa sakhala m'mapapo mokha, amatha kukakhazikika mumsana kapena m'chiuno n'kumadya chichelechele pang'onopang'ono, kenako fupa lenilenilo. Anati mwanayu wabwera nthawi yabwino. Anamuika m'chikhakha kuchokera pachifuwa mpaka kuphazi kuti chiuno chipume, n'kumamubaya jakisoni watsopano amene anali atangofika kumene masiku amenewo. Ine ndemwe ndinkamunyamula, ndinkamutembenuza, ndinkamuseketsa akamalira. Patapita miyezi yambiri anatuluka akuyenda ndi miyendo yake iwiri. Mayi ake anandigwadira pothokoza. Tsiku limenelo sindinadye.

Dzinja litatha kalata inabweranso. Sindinapite nayo kwa Bonifasiyo. Ndinatsegula ndekha kuseri kwa kachipatala. Tizingwe tiwiri, mfundo imodzi, ndipo tsopano kusiyana kwake kunali zala zinayi. Ndinamasula mfundo, kafupiko ndinakaika m'kachitini ka fodya pamodzi ndi toyamba tija, n'kutseka. Ndinapita kwa telala ndi kachingwe kotalikako kokha. Anasoka diresi lobiriwira, lokongola kwambiri, ndipo ndinatumiza pamodzi ndi mpango wa mayi ake. Ndinkaganiza kuti mphatso ikakula, mlandu uchepa.

Bonifasiyo anadziwa, pakuti komboni ilibe chinsinsi. Sanandikalipire. Anangosiya kundinena za kadyedwe kanga, ndipo tikakhala pamodzi tinkakamba za mvula ndi za ntchito basi. Kuzizira kwake kunandipweteka kuposa mmene akanandimenyera.

Chaka chachitatu chake kalata inafika yopepuka. Ndinaigwedeza, ndinasuzumira m'kati, ndinayang'ana pansi ngati kagwa. Munalibe kachingwe. Ndinathamanga nayo kwa Bonifasiyo. Anawerenga. Tonse kuno tili bwino. Chaka chino musavutike ndi diresi.

"Wamwalira," ndinatero. "Boni, mwana wanga wamwalira."

"Sindikudziwa," anayankha. "Inunso simukudziwa. Pitani mukaone."

Sabata isanathe ndinali m'njira. Zimene zinandikanika zaka ziwiri mwana ali wothandizika, ndinazichita m'masiku anayi nditayesa kuti wafa. Bonifasiyo anandiperekeza mpaka pokwerera galimoto, ndipo anandipatsa nsapato zazing'ono zimene anagula yekha. "Ngati ali moyo, mukamupatse," anatero. Sindinadzamuonenso.

Ndinatsika ku Ulongwe, kumene azungu ankati Vila Coutinho, n'kuyenda pansi ndi sutikesi pamutu. Ndinafika dzuwa litapendeka. Mudzi unandichepera. Apongozi anali atamwalira, ndipo palibe anandilembera. Nabanda ndinamupeza akupuntha nyemba pabwalo, ataonda, tsitsi litayamba imvi. Anandiyang'ana, anaika ndodo pansi, anagwada n'kulandira sutikesi monga mwa mwambo.

"Ali kudimba," anatero iye ndisanafunse. "Akubwera."

Ndinamuona akutulukira m'njira ya kudambo. Mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, wamtali, nkhope ya mayi anga yeniyeni, atavala diresi lobiriwira lija. Anali ndi ndodo yansungwi yotalika kuposa iye, yogwira ndi manja awiri. Mwendo wamanzere unali wopindikira kutsogolo ndi m'kati, woonda, zala zokha ndizo zinkakhudza pansi. Akaponda, thupi lonse linkagwera mbali imodzi, kenako n'kudzikoka. Anali moyo, ndipo ndinathokoza Mulungu. Koma maso anga a ntchito anali ataona kale zonse asanafike pabwalo.

Anagwada movutikira, mwendo uja utatambasukira kumbali. "Mwayenda bwanji, ababa?"

M'mawa mwake ndinati ndimuone. Ndisananene kuti achite chiyani, anayala mphasa yekha, anagona chagada, anaika manja m'mbali n'kuyang'ana kumwamba. Anali atazolowera. M'chiuno monse munali mphini zosawerengeka, ndipo kumbali kwa ntchafu kunali chipsera cholowa m'kati pamene panatulukira mafinya. Ndinagwira bondo, ndinayesa kuzunguza mwendo. Chiuno chonse chinayenda pamodzi ndi mwendowo ngati thabwa limodzi. Mutu wobulungira uja, umene ndinkausirira pa akuluakulu a m'chipinda chophunzirira, unali utadyeka, ndipo zotsala zake zinali zitagwirana ndi fupa la chiuno.

Ndinabwerekabe njinga n'kupita naye kwa airima ku mishoni. Sisitere wachikulire anamupima mofatsa, kenako ananditengera panja. Anati matenda azima okha, mwanayu ali ndi mwayi kuti sanafe, koma mfundo yauma mopindika ndipo sidzawongokanso. Ndinafunsa funso limene yankho lake ndinkalidziwa. Iye anati, "Mukanabwera naye akungoyamba kutsimphina, tikanamugoneka, tikanamutumiza kumene kuli mankhwala. Bwanji anthu inu mumachedwa chonchi?"

Nditabwerera ndinapita kwa a Domingu ndili ndi ukali wa zaka zisanu ndi zitatu. Ndinawapeza akuwothera dzuwa, atakalamba, zala zitapindika ndi nyamakazi moti sankathanso kugwira khasu. Ndinalankhula zambiri. Ndinati mwalemaza mwana wanga, munandibisira, munakana kupita naye kuchipatala. Anandisiya ndimalize.

"Alamu," anatero, "kuchipatala ndinakana, inde. Tinkamva kuti kumeneko amadula miyendo, ndipo ndinaopa. Ndinayenda naye kwa asing'anga anayi, ndinamubereka kumsana kwanga kuno mpaka kutsidya kwa phiri. Kukulemberani sindikanalola, chifukwa tinkafuna mubwere wamoyo. Ngati ndinalakwa, ndinalakwa ndili pompano, ndikumuona akulira. Mukanadziwa, mwina mukanatiuza zanzeru. Koma simunadziwe, ndiye palibe amene akukuimbani mlandu."

Pamenepo ndinazindikira kuti za tizingwe tiwiritiwiri tija sankazidziwa. Nabanda ankatilowetsa mobisa aprofesoro asanamate kalata. Ukali wanga wonse unathera pomwepo. Ndinadzuka n'kuchoka osatsanzika.

Nabanda sanandifunse kanthu. Ankandiphikira, ankanditengera madzi osamba, ankayankha ndikamulankhula. Mwezi unatha choncho. Ine ndinatenga nsapato za Bonifasiyo, zimene mwamwayi zinamukwana, ndi kuyamba kusema kathabwa kopepuka koti ndikhomere pansi pa yamanzere kuti phazi lizifika pansi. Tsiku limenelo ndinakhala pakhonde ndi kasemasema, Terezinya atakhala pafupi kudikira kuti ndimuyeze, mayi ake akusankha nyemba chapatali pang'ono.

"Ababa," anatero mwanayo, "amayi ankandiyeza miyendo yonse iwiri. Ankati ababa ako amadziwa mafupa, akaona tizingweti adzabwera msanga. Ndinkakhala pamtsinje paja kudikira. Chaka chino ndinakana kuyezedwa, ndinati n'kungotaya thonje." Kenako anafunsa, "Makalata aja ankasochera, eti?"

Nyemba zinasiya kulira m'lichero.

Mwanayo anali atandikonzera yekha njira yothawira. Makalata ankasocheradi masiku amenewo, ena ankatsegulidwa m'njira, ndipo palibe akanandigwira bodza. Bonifasiyo anali kutali. Ndikanangoti inde, mwana wanga akanakhala ndi bambo amene sanadziwe.

Ndinaika kasemasema pansi, ndinalowa m'nyumba, ndinatenga kachitini ka fodya m'sutikesi. Ndinatsegula pamaso pake n'kuyala tizingweto pamphasa, toyamba tosiyana zala ziwiri, kenako kafupi ka chaka chachiwiri kamene kanzake ndinapereka kwa telala.

"Ankafika, mwanawe," ndinatero. "Onse awiri anafika, ndipo ndinamva zimene ankanena."

Terezinya anayang'ana tizingweto nthawi yaitali. Sanalire. Anatitola, anatikulunga pachala chake monga ankachitira mayi ake, n'kutimanga pansonga ya nsalu. Kenako anatambasula mwendo wake wofupika uja n'kuika phazi pabondo panga.

"Yezani, ababa," anatero. "Dzuwa likupita."

Ku Halale sindinabwererenso. Chaka chilichonse ndinkasema kathabwa katsopano, kokwererapo pang'ono, mpaka mafupa ake anasiya kukula. Anakula, anakwatiwa ndi munthu wabwino, ali ndi ana ake, ndipo nyumba yake ili kuseri kwa yanga. Amandiphikira, amandichapira chimwalirireni mayi ake, sanandiyankhepo mwano ngakhale tsiku limodzi. Za tizingwe tija sitinakambenso, ndipo tizingweto sanandibwezere.

Mwana wake woyamba ali ndi zaka zisanu anagwa pankhokwe n'kuthyoka mkono. Ndinamva kulira ndili pakhonde. Ndinadzuka msanga, ndinalowa m'nyumba, ndinatenga timatabwa tanga ndi nsalu zomangira, n'kukhala pansi kudikira. Posakhalitsa ndinamuona Terezinya akubwera, mwana ali kumsana, ndodo ili m'manja, nsapato yathabwa ikugogoda pansi. Atafika pakhomo panga anapinda bondo lake labwinolo mwaulemu.

"Mwaswera bwanji, ababa? Tikufika kaye ku mishoni."

Ku mishoni ndi ulendo wa maola awiri kwa munthu wa miyendo yolunga. Ndinamuyang'ana akutsetsereka kulowera kumtsinje, thupi likugwera mbali imodzi, n'kudzikoka, n'kugweranso. Timatabwa tinali pamiyendo panga. Sindinamuitane.